Dzino Likawawa, Tsaya Likatupa: Mafunso ndi Mayankho pa za M'kamwa

Ambirife timakumbukira za mano tsiku limene dzino latikaniza tulo. Pofika pamenepo limakhala litayamba kale kuwonongeka miyezi yambiri m'mbuyomo, mwakachetechete, ndipo chotsala chimakhala kulawirira pamzere wa kuchipatala kuti akalizule. Lipoti la bungwe la WHO la 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa matendawa amapeweka, ndipo ochepa amene amapha amaonetsa zizindikiro nthawi ikadalipo.

Kodi n'zoona kuti m'dzino lobooka mumakhala mphutsi imene imalifukula?

Mulibe mphutsi, ngakhale ululu wake umamvekadi ngati chinachake chikuboola m'kati. Chikhulupiriro chimenechi n'chakale, ndipo chinaliponso ku Ulaya ndi ku Asia. Zoona zake n'zakuti m'kamwa mwa aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya, timene timakanirira pa mano. Mukapala dzino ndi chikhadabo m'mawa, zoyera zonanda zimene zimatsalirapo ndi tizilomboto titaunjikana. Inu mukadya shuga nato timadya, kenako timatulutsa asidi amene amasungunula pang'onopang'ono chikuto choyera cha dzino. Chikuto chimenechi n'cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi, koma chilibe mitsempha. N'chifukwa chake kubooka kumayamba popanda ululu uliwonse. Bowo likafika pagawo lachiwiri, lofewerapo, dzino limayayamira mukamwa madzi ozizira kapena tiyi wotentha. Likafika pakati pamene pali mtsempha, m'pamene munthu amachezera atagwira tsaya. Choncho wina akakufukizani utsi m'kamwa n'kukuonetsani tinthu toyera tikuyandama m'mbale, dziwani kuti sitinachoke m'dzino lanu, ndipo bowo lija likadalipo.

Agogo athu sankadziwa kolugeti, koma mano awo sankabooka chonchi. Chasintha n'chiyani?

Chasintha ndi shuga. Nsima, ndiwo zamasamba, nyemba, usipa ndi mtedza sizipatsa tizilomboti chakudya chochuluka. Lero mwana amadzukira tiyi wa masupuni atatu, pabuleki agula filizesi ndi siwiti, poweruka bisiketi, madzulo Sobo. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi la 300 ml limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8, pamene WHO imati ndi bwino munthu asapitirire masupuni 6 patsiku lonse.

Koma pali mfundo imene ambiri saidziwa. Chimene chimawononga kwambiri mano ndi kudya shuga pafupipafupi. Mukadya chotsekemera, asidi amagwira ntchito kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, mpaka malovu atamusukulutsa n'kuyamba kubwezeretsa mphamvu ya dzino. Amene wadya masiwiti asanu nthawi imodzi wavulaza mano ake kamodzi. Amene akumung'unya imodziimodzi tsiku lonse sawapatsa malovu mpata. Zotsekemera muzidyera limodzi ndi chakudya, ndipo pakati pa zakudya muzimwa madzi. Nzimbe nayo ndi shuga. Zoti imatsuka mano si zoona. Ndipo tisaiwale kuti agogo ambiri mano ankawataya ndithu paukalamba, chifukwa cha matenda a nkhama.

Kutsuka mano koyenera n'kotani? Nanga mswachi wa mtengo, makala kapena phulusa?

Kawiri patsiku, kwa mphindi ziwiri, ndipo nthawi yosayenera kuiphonya ndi ya usiku pokagona, chifukwa m'tulo malovu amachepa. Ambiri timatsuka m'mawa mokha pofuna kuchotsa fungo, n'kugona ndi zakudya za tsiku lonse m'mano. Mswachi ukhale wofewa, ndipo muzitsuka mozunguliza pamene dzino lakumana ndi nkhama, kunja, m'kati ndi potafunira, osaiwala lilime. Ukanyankhalala, kapena pakatha miyezi itatu, gulani wina. Mswachi sabwerekana, ngakhale m'banja.

Mankhwala otsukira akhale ndi fluoride, mchere wina umene umalimbitsa chikuto cha dzino. Werengani pachubu: pazilembedwa pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm. Mukamaliza, lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi. Zimamveka zachilendo, koma mukachukucha mumataya mankhwala amene akanagwira ntchito usiku wonse.

Mswachi wa mtengo, monga wa nimu, si wonyozeka. Ukatafunidwa bwino n'kufewa kunsonga umachotsa litsiro ndithu, kungoti suvuta kulumpha mano akumbuyo ndi kuseri kwa mano, ndiponso ulibe fluoride. Mutha kupakapo kolugeti. Koma makala, phulusa, mchenga ndi mchere wouma musiye. Zimayeretsa pokwecha chikuto cha dzino, ndipo chikuto chikatha sichimeranso.

Ndikamatsuka, nkhama zimatuluka magazi. Ndisiye kaye kuti zipole?

Musasiye. Nkhama zabwino sizituluka magazi. Zikamatuluka ndiye kuti zatupa chifukwa cha litsiro lokanirira m'mphepete mwa mano. Mukasiya kutsuka litsirolo limawonjezeka. Tsukani mofatsa koma mokwanira, ndipo kawirikawiri magazi amasiya pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Litsiro likakhalitsa limauma n'kusanduka gwaa ngati mwala, makamaka kuseri kwa mano akutsogolo am'munsi, ndipo pamenepo mswachi sungathenso kanthu. Amalipala ndi a kuchipatala. Ena amaopa kuti kupalako kumagwedeza mano kapena kusiya mipata. Mipatayo imakhala inalipo kale, itangobisika ndi litsirolo.

Kutupa kwa nkhamaku, chiseyeye, kukalekereredwa kumadya fupa limene lagwira dzino. Nkhama zimabwerera m'mbuyo, mano amaoneka ataliatali, amagwedera, kenako amaguluka asanabooke n'komwe. Fodya amafulumizitsa zimenezi, ndipo amabisa chizindikiro chifukwa nkhama za osuta sizituluka magazi kwambiri. Matenda a shuga nawo amayendera limodzi ndi chiseyeye: shuga wokwera amakulitsa chiseyeye, ndipo chiseyeye chimavutitsa kutsitsa shuga. Munthu wamkulu amene mano akugwedera popanda chifukwa akayezetse shuga.

Nanga fungo la m'kamwa limachokera m'mimba?

Nthawi zambiri ayi. Limachokera m'kamwa momwemo: kumbuyo kwa lilime, m'nkhama zodwala, m'dzino lobooka, kapena m'kamwa mouma chifukwa chosamwa madzi. Chingamu ndi masiwiti onunkhira amangoliphimba kwa kanthawi.

Mano a mwana adzaguluka ndithu. N'kuvutikiranji nawo?

Mano oyamba alipo 20. Amayamba kumera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6 ndipo amakwanira pofika zaka zitatu, koma akumbuyo saguluka mpaka zaka 10 kapena 12. Zimenezo ndi zaka zambiri zoti mwana azitafunira dzino lowawa. Mwana wotere sadya bwino, sagona, m'kalasi samvetsera. Komanso dzino loyamba limasungira malo lachikulire. Likachoka msanga, oyandikana nalo amasendera ndipo latsopanolo limamera mopingasa.

Makolo ambiri amanyengeka ndi dzino limodzi. Mwana akafika zaka 6, kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lalikulu lotafunira, popanda lina kuguluka. Limenelo ndi lachikulire, loyamba mwa mano 32, ndipo likawonongeka palibe lodzalowa m'malo. Yambani kutsuka mwana dzino loyamba likangotuluka, ndi mankhwala ochepa ngati kambewu ka mpunga; kuyambira zaka 3 mpaka 6, ngati njere ya nsawawa yaing'ono. Muzimutsuka nokha kapena kumuyang'anira mpaka zaka 7 kapena 8. Ndipo mwana asagone ndi botolo la tiyi, juwisi kapena phala la shuga m'kamwa.

Mwana wanga akutsegula m'mimba ndipo thupi latentha. Anthu akuti ndi mano akumera. N'zoona?

Apa ndikupemphani kuti mumvetsetse, chifukwa chikhulupiriro chimenechi chachedwetsa ana ambiri kufika kuchipatala. Kumera mano kumachititsa dovu, kuyabwa kwa nkhama, kulumaluma zinthu ndi kulira pang'ono. Sikutsegulitsa m'mimba ndipo sikutenthetsa thupi kwambiri. Kungoti msinkhu womera mano ndi womwewo umene mwana amayamba kukwawa, kutola zapansi n'kuika m'kamwa, ndi kuyamba zakudya zina. Ndi nthawinso imene chitetezo chimene anabadwa nacho kuchokera kwa mayi chimachepa. Mwana wotentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Wotsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS ndi zinki, apitirize kuyamwa, ndipo aonedwe ndi achipatala. Nkhama za mwana asazitemere, asazikwechese ndi mankhwala. Chala chosamba bwino kapena kansalu koyera konyowa n'kokwanira kumusisita.

Dzino layamba kuwawa usiku, chipatala chili kutali. Ndichite chiyani?

Tsukani mano, chotsani chakudya chimene chalowa m'bowo, ndipo chukuchani ndi madzi ofunda othira mchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi. Munthu wamkulu amwe Panado, mapiritsi awiri a 500 mg pakatha maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 patsiku. Brufen wa 400 mg, katatu patsiku mutadya, amathandiza kwambiri pa ululu wa dzino, koma asamwe mayi woyembekezera, wodwala zilonda za m'mimba kapena impso. Ana amakhala ndi mlingo wawo malinga ndi kulemera kwawo, ndipo asapatsidwe asipirini. Gonani mutatsamiritsa mutu pamwamba, ndipo pewani zotentha kapena zozizira kwambiri.

Ululu wa dzino umapangitsa munthu kuyesa chilichonse, ndipo palibe womudzudzula. Komabe musaike piritsi la asipirini padzino: limawotcha nkhama ndi tsaya n'kusiya chilonda choyera. Asidi wa m'batire, mafuta a mabuleki, petulo, parafini, fodya wa mphuno ndi kachasu n'zoopsa kuposa pamenepo. Zina ndi poizoni weniweni, ndipo zimaphika mnofu wa m'kamwa. Panado ndi Brufen aja ndi ongokufikitsani m'mawa. Kukacha pitani kuchipatala, ngakhale ululu utachepa.

Makapisozi a amoxicillin amandithandiza nthawi zonse. Bwanji osangomwa amenewo?

Chifukwa gwero la vuto lili m'kati mwa dzino, momwe mtsempha ukafa magazi safikamo, ndiye mankhwala nawonso safikamo. Makapisozi amatha kuphwetsa chotupa kwa masabata angapo, kenako chimabwerera. Kumwa awiri lero, atatu mawa, ogula pagolosale kapena pamsika, kumazoloweretsa tizilombo mankhwalawo, mwakuti tsiku limene mudzawafunedi pa chibayo sadzagwira. Achipatala amawapereka pamene matenda afalikira, ndipo amawapereka pamodzi ndi kuchotsa gwerolo.

Chenjeraninso ndi dzino limene linkawawa kwambiri kenako n'kungoti zii lokha. Kawirikawiri silinachire, mtsempha wafa. Tizilombo timatsikira kumuzu n'kuyamba kupanga mafinya. Kachithupsa kotuluka mafinya pankhama, kophwa n'kumabwereranso, ndi chizindikiro cha zimenezi.

Tsaya latupa. Ndi liti pamene pafunika kuthamangira kuchipatala usiku womwewo?

Dzino limapha, ndipo limapha kudzera m'njira imeneyi. Mafinya a dzino lam'munsi amatha kufalikira pansi pa lilime ndi m'khosi n'kutseka njira ya mpweya m'maola ochepa. A dzino lam'mwamba amatha kukwera cha kudiso. Musadikire kuti kuche ngati kutupa kwafika pansi pa chibwano kapena m'khosi, diso layamba kutsekeka, pakamwa pakukanika kutseguka, malovu akukanika kumezeka, mawu asintha, kupuma kukuvuta, kapena thupi latentha ndipo wodwala wafooka. Pezani galimoto kapena njinga nthawi yomweyo. Wodwala akhale tsonga, asagone chagada. Musathowe ndi madzi otentha, musatemere, musaboole. Odwala shuga, amayi oyembekezera ndi amene chitetezo cha m'thupi chatsika asazengereze ngakhale kutupa kukuoneka kochepa. Ndipo zoti dzino silizulidwa tsaya lili chitupire zisakusungeni kunyumba: achipatala ndi amene angaone chochita, ndipo nthawi zambiri kuchotsa dzino ndi kutulutsa mafinya ndiko kuchiza kwake.

Kwa ana pali matenda awiri oyenera kuwadziwa. Chibwano kapena tsaya la mwana likamakula mofulumira m'masabata ochepa, mano n'kumagwedera, kawirikawiri popanda ululu waukulu, ikhoza kukhala khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana kuno kwathu ndi m'madera ena a malungo. Imamva mankhwala ikapezeka msanga, ndipo ana amathandizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ena ndi noma, amene amagwira ana a zaka 2 mpaka 6 onyentchera kapena amene angodwala chikuku. Amayamba ngati chilonda chonunkha pankhama, ndipo m'masiku ochepa amaboola tsaya. Akapezeka pachiyambi amachizika ndi mankhwala wamba ndi chakudya chabwino. WHO inawaika pamndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2023.

Dzino laguluka lonse pangozi ya kabaza kapena pampira. Lingabwezeretsedwe?

Inde, ngati ndi lachikulire ndipo mwachita changu. Litoleni pogwira kumutu kwake, koyera kuja, osakhudza muzu. Pamuzu pali timinofu tamoyo timene timalumikiza dzino ndi fupa, ndipo timafa dzino likauma. Ngati lada, litsukuluzeni kwa masekondi ochepa ndi mkaka kapena madzi oyera, osakwecha, osathira sopo. Kenako libwezereni pamalo pake, kuyang'anitsa mbali yoyenera, n'kulikankha pang'onopang'ono. Wovulalayo alume kansalu koyera kuti likhazikike, ndipo nyamukani. Mukachita mantha, liikeni m'kapu ya mkaka. Mkaka ukasowa, wovulalayo alavulire malovu m'kabotolo, muikemo dzinolo; wamkulu atha kulisunga m'tsaya. Musalikulunge m'pepala kapena m'mpango, ndipo musalivike m'madzi. Dzino lobwezeredwa m'mphindi zoyambirira ndi limene limagwira bwino. Likakhala louma kupitirira ola limodzi, mwayi umachepa kwambiri. Kuchipatala amalimangirira ku mano oyandikana nalo kwa masabata pafupifupi awiri, ndipo amaonanso ngati mukufunika katemera wa kafumbata.

Dzino loyamba la mwana wamng'ono musalibwezere, chifukwa mungavulaze lachikulire limene likukula pansi pake. Dzino likangobenthuka, sungani chibenthucho mu mkaka, nthawi zina amachimata. Koma ngati wovulala anakomoka, akusanza kapena akusokonezeka, mutu ndi umene uyambe kuonedwa. Mano am'mwamba ndi am'munsi akamalephera kukumana monga kale, mwina chibwano chathyoka. Ndipo botolo litsekulidwe ndi chotsekulira, osati ndi mano. Mano ambiri akutsogolo atha ndi zitsekerero.

Kodi mankhwala a dzino lowawa ndi kulizula basi? Ndamva kuti kuzula lam'mwamba kumapha maso.

Mitsempha ya mano ndi mtsempha woonera n'zosiyana, ndipo kuzula dzino sikuchititsa khungu. Chimene chingaopseze diso ndi mafinya a dzino losiyidwa. Kuzula si njira yokhayo. Bowo likadali laling'ono amaliyeretsa n'kulimata, ndipo ntchitoyo imatha tsiku lomwelo. Mtsempha ukadwala, pali chithandizo chouchotsa, kuyeretsa m'kati mwa muzu n'kutseka, dzino n'kukhalabe m'kamwa. Chimapezeka makamaka m'zipatala zazikulu ndi zolipira. Chifukwa chimene ambiri amabwerera kunyumba ndi gweru n'chakuti amafika dzino litatsala chigoba. Mukaona kadontho kakuda, kapena chakudya chikamakodwa pamalo amodzimodzi, imeneyo ndiye nthawi yopita.

Mayi woyembekezera naye athandizidwe. Jakisoni wa dzanzi savulaza mwana, pamene mafinya osiyidwa angavulaze onse awiri. Mwana wa m'mimba sayamwa mano a mayi ake. Nkhama zimatupa msanga panthawiyi, ndipo kusanza kumabweretsa asidi m'kamwa. Mukasanza chukuchani ndi madzi, mudikire kanthawi musanatsuke.

Andizula dzino, koma magazi sakusiya. Nditani?

Pindani kansalu koyera, kanyowetseni pang'ono, kaikeni pabala penipeni, ndipo lumani mwamphamvu kwa mphindi 30 mutakhala tsonga, osamachotsachotsa kuti muone. Malovu ofiirira tsiku loyamba si vuto. Magazi oundana pabalapo ndi amene amapoletsa, choncho kwa maola 24 musachukuche, musalavulelavule, musasute, musamwe mowa kapena zotentha, ndipo khasu lidikire. Tsiku lotsatira yambani kuchukucha mofatsa ndi madzi amchere. Magazi akapitirira mutaluma kawiri, bwererani kuchipatala. Ululu ukakula patsiku lachitatu kapena lachinayi, pamodzi ndi fungo, ndiye kuti magazi oundana aja anachoka ndipo fupa lili pamtunda. Amatsukapo n'kuikapo mankhwala.

Kwathu ambiri tili ndi mano ofiirira ngakhale timatsuka. Ndi uve?

Si uve. M'madera ena, monga mbali zina za Nsanje, Chikwawa, Machinga ndi Nathenje ku Lilongwe, madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride wochuluka mwachilengedwe, wopitirira 1.5 mg pa lita, mlingo umene WHO imalangiza. Mchere womwewo umene umateteza mano ukakhala wochepa, ukachuluka umadetsa mano amene akupangika mwana asanafike zaka 8. Mtunduwo uli m'kati mwa dzino, ndipo kukwecha ndi makala kumangowonjezera vuto. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride. Chothandiza ndi kupempha a zamadzi kuboma kuti ayeze mjigowo, ndi kupezera ana aang'ono madzi akumwa kwina ngati kungatheke. Ana otere asanyozedwe kusukulu.

Chilonda cha m'kamwa chimafunika kuchipatala pakatha nthawi yaitali bwanji?

Tizilonda ting'onoting'ono towawa timapola tokha pasanathe masabata awiri. Chilonda, chotupa, kapena banga loyera kapena lofiira limene lapitirira masabata atatu likaonedwe, makamaka ngati silikuwawa, chifukwa khansa ya m'kamwa imayamba choncho. Osuta, oika fodya m'kamwa ndi omwa mowa kwambiri ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Zoyera zonga mkaka wogona palilime ndi m'masaya mwa munthu wamkulu, kapena mabanga ofiirira modera kum'mwamba kwa kamwa, zimasonyeza kuti mwina chitetezo chatsika. Ndi nzeru kuyezetsa HIV ndi shuga.

Ndipite kuti, popeza madokotala a mano ndi ochepa?

Ndi ochepadi. Pofika 2019 dziko lonse la Malawi linali ndi madokotala a mano osafika 50, ndipo onse anaphunzira kunja. M'chaka chimenecho sukulu ya College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa. Pakadali pano ntchito yaikulu imagwiridwa ndi madental therapist ophunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, amene mumawapeza m'zipatala za maboma ndi zina za mishoni. Amazula, amamata pamene zipangizo zilipo, amapala litsiro, ndipo zovuta amazitumiza ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Wogwira m'kamwa mwanu akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Ozula mano m'misika ndi m'makomo amasiya mizu yothyoka, ndipo zida zosaphika bwino zimafalitsa matenda a chiwindi ndi HIV. Popita tengani buku lanu la kuchipatala, idyani kaye, ndipo auzeni ngati muli ndi pakati, BP, shuga kapena matenda a mtima, komanso mankhwala onse amene mukumwa, makamaka osungunula magazi monga warfarin ndi asipirini.